Mbenji: chilumba chimene mayi sapondako, nkhani yake adzaimaliza ndani?

Chaka chilichonse mvula ikamatha, cha m'mwezi wa Epulo, gombe la Chikombe m'boma la Salima limadzaza ndi anthu. Imakhala nthawi yotsegulira usodzi pachilumba cha Mbenji, chomwe chimatsekedwa mu Disembala kuti nsomba ziswane. Kumabwera mafumu, akuluakulu a nthambi ya za usodzi, a mabungwe, ogula nsomba komanso atolankhani.

Mwambo ukatha, maboti amanyamuka kulowera kuchilumba ndipo okwera amakhala amuna okhaokha. Lamulo la ku Mbenji ndi lodziwika: mayi sapondako. Choncho mtolankhani wamkazi amene mkonzi wake wamutuma kumeneko ayenera kuyembekezera kuti ulendo wake uthera pamchenga, pamodzi ndi amayi a geni ya utaka.

Wina atha kunena kuti imeneyi ndi nkhani ya atolankhani okha, ife odya utaka sitikhudzidwa. Komatu zimene boma, mabungwe ndi aphungu amaganiza zokhudza nyanja zimachokera kwambiri pa zimene amawerenga ndi kumva pawailesi. Nkhani ikafika yopereweza, thandizo nalo limafika lopereweza. Mbiri ya amayi amene ankalemba nkhani za nkhondo pakati pa 1918 ndi 1939 ikusonyeza kuti kumalo kumene mayi amauzidwa kuti atsale, kawirikawiri ndi kumene kumakhala theka lina la nkhaniyo.

Malamulo amene asunga utaka

Poyamba tiyamikire kumene kukuyenera. Dongosolo la ku Mbenji lidayamba m'zaka za m'ma 1950 pansi pa ufumu wa Msosa, womwe lero ndi wa Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima. Nthawi imeneyo boma la atsamunda linkalemba malamulo ake a usodzi ku Zomba, koma eni nthaka adaika awo: kutseka chilumba nyengo ya dzinja, kuletsa mowa, chamba ndi juga, komanso kuletsa amayi. Wophwanya malamulowa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pachilumbapo.

Padutsa zaka pafupifupi 70 ndipo malamulowa akugwirabe ntchito. Pamene magombe ambiri akudandaula kuti chambo chidasowa ndipo maukonde akubwera opepuka, Mbenji ikutchukabe ndi utaka. Akatswiri a sukulu za ukachenjede za Mzuzu ndi Strathclyde ya ku Scotland, omwe adafufuza za chilumbachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, adapeza kuti nsomba za kumeneko ndi zonona kuposa za m'madzi oyandikana nawo.

Za amayi, zifukwa zimene zimaperekedwa ndi ziwiri. Choyamba n'chakuti chilumbachi ndi malo a mizimu ya makolo, choncho pali zoyenera kusala. Chachiwiri n'chakuti pamene pali ndalama za nsomba, mowa ndi zibwenzi sipalephera kubuka ndewu, ndiye ndi bwino asodzi aike mtima pa ntchito imene adapitira.

Mawu akuti "kumeneko si kwa amayi" si a ku Mbenji kokha. Akuluakulu a asilikali ku Ulaya ankanenanso zomwezo za malo omenyerako nkhondo.

Adakana kulemba zophikaphika zokha

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, ku Ulaya kudali amayi ochuluka amene adazolowera kugwira ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi amuna ali kunkhondo. Ku Britain amayi ena adaloledwa kuvota mu 1918, ndipo mu 1928 ufuluwo udafalikira kwa onse a zaka 21 kupita m'tsogolo. Ku America zidachitika mu 1920. Eni nyuzipepala adaona kuti amayi ndi msika waukulu, ndipo adayamba kulemba ntchito atsikana ophunzira. Koma ambiri ankapatsidwa tsamba la zophikaphika, zovala ndi maukwati. Ndale ndi nkhondo zidali za abambo.

Ena adakana. Dorothy Thompson wa ku America adakhazikika ku Ulaya n'kumalemba za ndale. Mu 1931 adacheza ndi Adolf Hitler asadatenge boma, ndipo zimene adalemba sizidamukomere mkuluyo. Hitler atalowa m'boma, mayiyu adapitiriza kuulula nkhanza za chipani cha Nazi mpaka mu 1934 adamuthamangitsa ku Germany.

Mu 1936 kudabuka nkhondo yapachiweniweni ku Spain. Chaka chotsatira Martha Gellhorn, wa zaka 28, adafika mumzinda wa Madrid womwe unkaphulitsidwa ndi mizinga tsiku ndi tsiku. Atolankhani ambiri ankalemba za magulu a asilikali, kuti awa alanda phiri lakuti, awa abwerera m'mbuyo. Gellhorn, polembera magazini ya Collier's, ankafotokoza za amayi oima pamzere wogula chakudya mabomba akugwa, za ana ovulala m'zipatala ndi za mabanja ogona m'nyumba zogumuka. Owerenga kutali adayamba kumvetsa kuti nkhondo ya masiku amenewo inkapha anthu wamba m'makomo mwawo.

Ku Spain komweko kudali Gerda Taro, mtsikana wachiyuda wothawa ku Germany, yemwe ankajambula zithunzi pafupi penipeni ndi pomenyanirana. Mu Julaye 1937 kasinja adamugunda pa nkhondo ya ku Brunete ndipo adamwalira ali ndi zaka 26. Kwa zaka zambiri zithunzi zake zina zinkadziwika m'dzina la mnzake wamwamuna, Robert Capa. Mpaka mu 2007, pamene mabokosi a mafilimu okhala ndi zithunzi pafupifupi 4,500 adatulukira kuchokera ku Mexico, m'pamene anthu adaona bwino kukula kwa ntchito yake.

Wina ndi Clare Hollingworth wa ku Britain. Kumapeto kwa Ogasiti 1939, asadathe ndi sabata yomwe pantchito ku Daily Telegraph, adabwereka galimoto ya kazembe mumzinda wa Katowice ku Poland n'kuwolokera ku Germany. Pobwerera, mphepo idakweza nsalu zimene adatchinga m'mbali mwa msewu ndipo iye adaona akasinja ndi magalimoto a nkhondo ali ndandanda. Nyuzipepala yake idalengeza kuti Germany yakonzeka kulowa m'dziko la Poland. Pa 1 Seputembala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayambadi. Monga zinkachitikira nthawi imeneyo, nkhaniyo idatuluka yopanda dzina lake. Mayiyu adamwalira mu 2017 ali ndi zaka 105.

Kodi amayiwa adapindulanji? Adapeza malipiro awoawo, ufulu woyenda popanda kupempha kwa mwamuna, ndi mpata wolankhula pa nkhani zikuluzikulu za dziko. Atsikana owerenga adaona kuti n'zotheka. Koma ufuluwo udali wongololedwa, sudali wokhazikika m'malamulo. Mu Juni 1944, asilikali a Britain ndi America akuwolokera ku Normandy m'dziko la France, atolankhani aakazi adaletsedwanso kupita nawo. Gellhorn, ndi luso lake lonse lija, adachita kubisala m'chimbudzi cha sitima yonyamula ovulala, n'kutsikira kumtunda pamodzi ndi onyamula machira. Pambuyo pake akuluakulu a asilikali adamulanga chifukwa cha zimenezi.

Nkhondo ya ku Ethiopia

Nkhaniyi siyidathere ku Ulaya. Pa 3 Okutobala 1935 asilikali a Italy, motumidwa ndi Benito Mussolini, adalowa m'dziko la Ethiopia ndipo adagwiritsa ntchito mpweya wa poizoni pa asilikali ndi anthu wamba omwe. Mayiko akuluakulu adangoyang'ana.

Sylvia Pankhurst wa ku Britain, yemwe adamangidwapo kangapo pomenyera ufulu wa amayi wovota, adayambitsa nyuzipepala ya New Times and Ethiopia News mu 1936 kuti dziko lisaiwale zimene zinkachitikazo. Adaiyendetsa zaka 20 ndipo inkawerengedwa m'mayiko ambiri a mu Africa olamulidwa ndi Britain. Adamwalirira ku Addis Ababa mu 1960 ndipo adaikidwa ndi ulemu wa boma. Una Marson, mtolankhani wachikuda wa ku Jamaica, adaperekeza Mfumu Haile Selassie ngati mlembi wake pamene inkakadandaula ku bungwe la League of Nations ku Geneva mu 1936. Mu 1941 adayamba kukonza mapologalamu pawailesi ya BBC.

Ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, Mabel Dove ankalemba m'nyuzipepala ya Times of West Africa m'zaka za m'ma 1930 pogwiritsa ntchito dzina lobisika la Marjorie Mensah. Tsamba lake lidali la amayi, koma ankalowetsamo nkhani za maphunziro a atsikana, khalidwe la amuna ndi ndale. Mu 1954 adasankhidwa kukhala phungu, mayi woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo. Cholembera ndicho chidamutsegulira njira.

Kuno nyuzipepala ya amayi idali mtondo

Nanga ku Nyasaland zidali bwanji? Nkhondo sidatilambalale. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Gwendolen idaombera sitima ya a Germany padoko lomwe lero ndi Liuli, tsidya lina la nyanja yomwe ino, ndipo mwezi wotsatira kudamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga m'nkhondo imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Pa nkhondo yachiwiri asilikali athu a King's African Rifles adakamenyana ndi a Italy ku Somaliland ndi ku Ethiopia, kenaka adafika mpaka ku Burma.

Mayina a asilikali ena alipo pachipilala cha ku Zomba. Koma za amayi amene adatsala ndi minda, ana ndi msonkho, amene adakumana ndi njala ndi chimfine choopsa cha 1918, nyuzipepala za nthawiyo zidalibe nazo ntchito. Nyasaland Times idali ya azungu a m'maesiteti ndi m'masitolo, ndipo timapepala ta m'zilankhulo zathu tidali m'manja mwa a mishoni ndi boma. Atsikana amene ankafika patali ndi sukulu adali owerengeka.

Izi sizikutanthauza kuti amayi adakhala chete. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, pofufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, adapeza kuti malipoti a boma ankakamba za mvula, mitengo ya chimanga ndi matumba ogawidwa. Koma m'nyimbo zimene amayi ankaimba posinja pamtondo mudali nkhani ina: ya amuna amene adathawa mabanja, ya maukwati amene adatha ndi ya amayi amene adamanidwa chithandizo chifukwa adalibe mwamuna wowaimira. Buku lake lidatuluka mu 1987, patadutsa zaka 38 njalayo itachitika. Nkhani idalipo, chimene chidasowa ndi woitola nthawi yake isadadutse.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, nkhani zidali m'manja mwa chipani chimodzi. Amayi ankaoneka m'nyuzipepala akuvina ngati mbumba, ndipo lamulo la 1973 lidawaletsa kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Zinthu zidatembenuka ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Nyuzipepala zidabadwa zambirimbiri ndipo ina mwa izo, The Independent, idali ya mayi Janet Karim. Mu 1998 bungwe la amayi otola nkhani la Malawi Media Women's Association, mothandizidwa ndi UNESCO, lidatsegula wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay kuti amayi a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja azimva ndi kukamba nkhani zawo. Mu 2017 atolankhani adasankha mayi Teresa Ndanga kutsogolera bungwe lawo la MISA Malawi, ndipo ali pampandowo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Tayendapo ndithu, koma gombe silidafikiridwe mokwanira.

Nkhondo ya pamchenga

Kunyanja sikulira mfuti, koma kuli zinthu zimene zimatenga miyoyo ndi chuma cha mabanja. Zambiri mwa izo zimachitikira kumtunda, kumene amayi ali.

Tiyambe ndi mtengo wa nsomba. Boti likakocheza, amayi ndiwo ambiri mwa ogula, oyanika pamathandala, owamba ndi onyamula madengu kupita ku Khombedza, ku Salima, ku Mvera mpaka ku Lilongwe. Utaka umene banja la ku Mponela kapena ku Mchinji limadyera nsima umakhala utadutsa m'manja mwawo. Koma mwamuna wa geni angathe kuwoloka n'kukakambirana mtengo ndi mwini chilimira pachilumba pomwepo, pamene mayi ayenera kudikira pagombe n'kugula zimene zafika, pamtengo umene waupeza. Kusiyana kumeneku kumadya mpamba wake, ndipo pamapeto kumafika m'thumba la wogula kumsika.

Palinso mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba, womwe a zaumoyo akhala akuudandaula m'magombe ambiri a nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa. Nsomba zikachepa ogula n'kuchuluka, msodzi amasankha woti amugulitse, ndipo mayi amene ali ndi ngongole ya katapila kapena ya banki m'khonde amakhala pampanipani. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kachilombo ka HIV kamafalira kwambiri m'madera a asodzi.

Nkhani yotere siyituluka pamsonkhano wa atolankhani. Mlendo wamwamuna amene wafika pagalimoto ya bungwe, walandiridwa ndi a komiti ndipo wakwera boti la mwini maukonde, mayi sangamuululire zimenezi mwini botiyo ali chilili pambali. Anganong'oneze mayi mnzake atakhala pansi pathandala, dzuwa litapendeka.

Kenaka pali matenda. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa yonse imene dziko lino lidaonapo, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja adali m'gulu la ovutika kwambiri. Amene amatunga madzi, kutsuka nsomba, kusamalira wodwala ndi kugona pachipatala ndi amayi. Iwowa ndiwo amadziwa kuti chimbudzi cha pagombe chidagwa liti ndipo mjigo udawonongeka mwezi uti.

Nanga mwera ukagubuduza boti? Pawailesi timamva chiwerengero cha omira. Za mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda injini ndi ukonde, kapena za ana amene asiya sukulu kuti azikoka nawo khoka, sitimvanso. Chimodzimodzi miyezi inayi imene chilumba chimakhala chotseka: asodzi ena amasamukira kumagombe ena, koma banja lotsala limadya chiyani? Amene amapirira kuti nsomba ziswane ndi amayi omwewo, ngakhale kuti patsiku lotsegulira oyamikiridwa amakhala ena.

Zonsezi zikufanana ndi zimene Gellhorn adapeza ku Madrid. Akuluakulu a nkhondo ankaona ngati mzere wa chakudya ndi nkhani yaing'ono, chonsecho m'pamene pankaoneka ngati mzindawo upirira kapena ugonja. Nalo dongosolo la ku Mbenji lidzalimba kapena kugwa malinga ndi mmene mabanja a kumtunda akupiririra nyengo yotseka.

Mwambo ndi malamulo a dziko

Funso lovuta ndi ili: kodi lamulo loletsa amayi lichotsedwe?

Ofuna kuti lichotsedwe ali ndi poimira. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa ndi mwamuna kapena mkazi. Gawo 24 limateteza ufulu wa amayi, gawo 36 limapereka ufulu kwa atolankhani, ndipo gawo 39 limati munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda paliponse m'dziko muno. Palinso lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi. Kwa iwo, chilumba ndi gawo la Malawi ngati lina lililonse.

Ofuna kuti likhalebe nawo ali ndi mfundo. Gawo 26 limalemekeza chikhalidwe cha anthu. Malamulo a ku Mbenji amamangana ngati mtolo: anthu amawaopa chifukwa amakhulupirira kuti onse ndi a makolo. Mukasolola limodzi mokakamiza kuchokera ku Lilongwe, otsalawo angayambe kuphwasuka, ndipo woyamba kuvutika adzakhala mayi yemweyo utaka ukatha. Pali amayi ena amene anganene kuti bola ku Mbenji, chifukwa kopanda mowa, juga ndi zibwenzi mwamuna amabwerako ndi ndalama.

Mbali zonse ziwiri zimalankhula m'malo mwa amayi a ku Chikombe. Apa m'pamene pagona vuto. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Oyenera kunena ngati lamuloli likuwateteza kapena likuwapsinja ndi eni akewo, ndipo mawu awo sadamveke mokwanira m'nyuzipepala ndi pawailesi. Kuthamangira kukhothi iwo asadafunsidwe n'kulakwa, kunena kuti nkhaniyi isakambidwe n'komwe nakonso n'kulakwa.

Tikumbukirenso kuti mwambo umasintha ukagwiridwa ndi eni ake. Malamulo a ku Mbenji adaikidwa ndi mfumu ndi anthu ake pofuna kuthana ndi mavuto a nthawi yawo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana pogwiritsa ntchito mphamvu za ufumu zomwezo zimene kale zinkaloleza maukwatiwo. Lamulo la mathalauza lija nalo lidachotsedwa mu 1993 ndipo dziko silidagwe. Koma mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda adavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, umboni wakuti lamulo likasintha mitima isadasinthe, mayi ndi amene amalipira.

Mkazi aliyense si mboni

Tisanamizane kuti kungokhala mkazi n'kokwanira. Alipo atolankhani aamuna amene alemba bwino za mavuto a amayi a kunyanja, ndipo mtolankhani wamkazi wochokera mumzinda, wofika m'mawa n'kubwerera madzulo, naye ndi mlendo. Amayi a nthawi ya nkhondo aja adasiyana ndi anzawo chifukwa ankakhalitsa pamalo, ankadya zimene anthu ankadya ndipo ankafunsa anthu amene ena ankawadutsa.

N'chifukwa chake chiyembekezo chachikulu chili pa wailesi za m'madera, monga Dzimwe ndi ya Nkhotakota, komanso pa atsikana okulira pagombe pomwepo, odziwa Chichewa ndi Chiyao cha kumeneko, odziwa kusiyanitsa utaka wa lero ndi wogonetsa. Masiku ano foni yam'manja imajambula mawu ndi zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp nthawi yomweyo. Chida chimene Gerda Taro adafera atachinyamula, lero chili m'thumba la mwana wa Fomu 4.

Koma ntchitoyi ili ndi minga yake. Atolankhani aakazi amadandaula za malipiro ochepa, za akuluakulu ofuna chibwenzi asadapereke nkhani, ndi za kutukwanidwa pa Facebook akalemba zosakomera ena. Mtsikana wotola nkhani m'dera lakwawo amakumana pamsika ndi anthu omwe wawatchula pawailesi. Popanda mkonzi womuimira kumbuyo, amasiya msanga.

Zoyenera kuchitika

Kwa a Mfumu Makanjira ndi komiti yawo, pempho si lakuti atsegule chilumba mawa. Ndi lakuti pamisonkhano yotsegulira ndi yotsekera, amayi a geni apatsidwe mpata wolankhula, ndipo akhale ndi mipando yeniyeni m'makomiti okambirana za mitengo, ukhondo wa pagombe ndi zilango. Lamulo la usodzi la 1997 lidatsegula kale khomo loti anthu a m'magombe azitenga nawo mbali posamalira nsomba, ndipo amayi ndi anthu a m'magombe. Ngati tsiku lina nkhani yolola mayi wantchito, monga namwino, wofufuza kapena mtolankhani, idzakambidwe, idzayambire pabwalo limenelo.

Kwa akonzi a nyuzipepala ndi wailesi, ntchito ndi yosavuta kuimvetsa. Potumiza mtolankhani wamwamuna kuchilumba, tumizaninso wamkazi pagombe, ndipo nkhani ziwirizo zipatsidwe malo ofanana. Mutumizeninso mu Febuluwale, nthawi imene kulibe mwambo, kulibe alawansi ya bungwe, koma njala ili pakhomo. Mupatseni ndalama yoyendera, malo ogona otetezeka ndi jekete lodzitetezera pamadzi. Dzina lake lilembedwe pamwamba pa nkhani. Ndipo pa nkhani za asilikali, poti Salima ndi kwawo kwa sukulu ya asilikali ya MAFCO ndipo ana athu akhala akutumizidwa ku Democratic Republic of Congo komwe ena adafera mu Januwale 2025, pakhale wofunsa za akazi ndi ana otsala m'nyumba za kubalaki.

Kwa makolo a m'matauni mwathu, mwana wamkazi akanena kuti akufuna utolankhani, ambiri timayamba ndi mantha: aziyenda usiku, azicheza ndi andale, adzasowa banja. Manthawo ali ndi chifukwa, koma mankhwala ake ndi kumukonzekeretsa. Alimbikire Chichewa ndi Chingerezi, azolowere kuwerenga nyuzipepala, ayambe kudzipereka pawailesi ya m'dera, kenaka ayesere mwayi ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic.

Nkhani za amayi a njala ya 1949 zidadikira zaka 38 kuti zilembedwe, ndipo pofika nthawi imeneyo panalibenso chowathandiza nacho. Za amayi a ku Chikombe zingathe kulembedwa chaka chino, mtengo wa ndowa ya utaka ukadali wokambirana ndipo mjigo ukadali wotheka kukonza.